Mwana wanga wa zaka 15 wasiya nyama, mazira ndi mkaka, ndimuthandize bwanji?

MayiWaAsungwana analemba:

Moni nonse. Ndili ndi nkhani ine ndipo ndikufuna maganizo a makolo anzanga makamaka amene zinakuchitikiranipo. Mwana wanga wamkazi wa zaka 15 watiuza kuti iyeyo tsopano ndi vegan, nyama ayi, nsomba ayi, mazira ayi, mkaka ndi batala ayi, mpaka uchi akukana eti poti ndi wa njuchi. Akuti anaonera mavidiyo a mmene nkhuku ndi ng'ombe zimasungidwira m'mafamu akuluakulu aja nde mtima wake sukumulolanso, komanso akukamba za kusintha kwa nyengo zimene anaphunzira kusukulu. Bambo ake akuti ndi zachibwana izi tingomusiya njala imuphunzitsa, koma ine mtima ukukana chifukwa mwanayu ndimamudziwa, akanena chinthu sabwerera msanga, ndipo ndikuona kuti tikalimbana naye azingodya buledi ndi tiyi basi kuti atisonyeze kuti sagonja.

Nkhawa yanga ndi thupi lake. Ali pa msinkhu woti akukula, anayamba kale kusamba, amasewera mpira kusukulu nde amabwera ali ndi njala ya zoopsa. Kodi mwana wa msinkhu umenewu angakule bwinobwino osadya chanyama chilichonse? Ndizionetsetsa chani? Komanso zophika miphika iwiri tsiku ndi tsiku ine sindingakwanitse ndimaweruka mochedwa, anzanga munapanga bwanji? Chonde osanditukwanira mwana, ndabwera kudzafuna nzeru.

BamboWaKale analemba:

Mayi pepani koma ine ndili mbali ya amuna anu. Mwana amene sanagulepo ngakhale mchere wa m'nyumbamo azikuuzani zophika? Lero wakana nyama, mawa akana sukulu mudzatinso ndi ufulu wake. Mafoniwa atiwonongera ana. Phikani zimene mumaphika, akafuna adye akapanda kufuna akagone, sabata isanathe mudzamupeza akunyambita fupa kkkk

Namwino_wa_achinyamata analemba:

Mayi, ine ndine namwino nde ndiyankha mbali ya thupiyo, za ulemu wa m'nyumba ndiwasiyira a BamboWaKale. Inde zimatheka, mwana atha kukula bwinobwino, koma sizichitika zokha ayi, pamafunika wamkulu woyang'anira chifukwa ana ambiri akati asiya nyama amangochotsa nyamayo pa mbale osaikapo china m'malo mwake. Pepani ndilemba zambiri.

Chinthu chimene musalole kukambirana naye ndi vitamini B12. Vitamini ameneyu amapangidwa ndi mabakiteriya, ife timamupeza kudzera mu nyama, nsomba, mazira ndi mkaka, ku zomera kulibe komwe mungadalire. Wa zaka 14 kupita m'mwamba amafunika ma microgram 2.4 pa tsiku, kochepa kwabasi, koma akasowa magazi amachepa ndipo mitsempha imawonongeka, munthu amayamba kumva dzanzi m'manja ndi kumapazi, kutopa, kuiwalaiwala, ndipo zikatenga nthawi yayitali mitsempha ina sibwereranso mwakale. Chimene chimapusitsa anthu ndi choti chiwindi chimasunga B12 wa zaka zingapo, nde chaka choyamba mwana amaoneka wathanzi aliyense nkumati mwaona palibe vuto, pamene wosungidwa uja akutha pang'onopang'ono. Kuwonjezera apo munthu wodya masamba ndi nyemba zambiri amakhala ndi vitamini wina wotchedwa folate wochuluka, ndipo folate amatha kubisa kuchepa kwa magaziko pamene mitsempha ikupitirira kuwonongeka, nde osadikira kuti aoneke wofooka kaye. Bungwe la ma vegan eni ake, The Vegan Society la ku UK limene linayamba mu 1944, limanena lokha kuti munthu azimwa piritsi la ma microgram osachepera 10 tsiku lililonse, kapena 2000 kamodzi pa sabata, apo ayi azidya zakudya zothiridwa B12 kawiri pa tsiku. Manambalawo akutalikirana choncho chifukwa thupi limangotenga kochepa pa nthawi imodzi, chotsalacho chimadutsa. Mumuonetse mwanayo kuti aone yekha kuti si amayi ake akuvuta, ndi anzake omwe akunena. Ndipo akakuuzani kuti pa TikTok ati spirulina, ndere zija amagulitsa ngati ufa kapena mapiritsi, ali ndi B12 mukane, zambiri zimene zili mmenemo zimangofanana ndi B12 koma thupi la munthu silizigwiritsa ntchito.

Kwa mtsikana chotsatira ndi ayironi poti mwezi ndi mwezi akutaya magazi. Mtsikana wa zaka 14 mpaka 18 amafunika 15 mg pa tsiku, mnyamata 11 mg, ndipo ayironi wa m'zomera thupi silimukoka mosavuta ngati wa mu nyama, mwakuti malangizo a ku America amati osadya nyama achulukitse nambalayo ndi 1.8, wanuyo nde afika pa 27 mg. Musaope nambalayi, palibe amene amaphika ndi kakyuleta, chofunika ndi choti tsiku lisadutse osadya nyemba zamtundu uliwonse, mphodza, soya kapena tofu (mkaka wa soya woumitsa), azithira nthangala za maungu ndi chitowe, masamba obiriwira asasowe. Pambali pake pazikhala cha vitamini C monga lalanje, tomato, tsabola wobiriwira uja kapena kungofinyira ndimu, zimathandiza kwambiri kuti ayironi alowe. Tiyi ndi khofi zimachita zosiyana, zimamanga ayironi, nde tiyi mwatchula uja asamamwe pamodzi ndi chakudya, azidikira ola limodzi kapena kuposa. Mapiritsi a ayironi okha musagule mwa inu nokha, ayironi akachuluka m'thupi amapweteka, pitani naye kuchipatala amuyeze magazi kaye, mupemphe hemoglobin, ferritin ndi B12 kuti mudziwe pomwe akuyambira.

Kashiamu anthu amamuiwala koma ine amandidetsa nkhawa kuposa puloteni. Kuyambira zaka 9 mpaka 18 ku America amati 1300 mg pa tsiku, kuposa wamkulu, chifukwa gawo lalikulu la mafupa amene adzakalambe nawo likumangidwa panopa. Kafukufuku wamkulu wa EPIC-Oxford amene anatuluka mu 2020 anapeza kuti ma vegan ankathyoka mafupa kwambiri kuposa odya nyama, ndi 43 peresenti, anali akuluakulu osati ana koma uthenga wake ukumveka. Mkaka wa soya wothiridwa kashiamu umakhala ndi cha m'ma 120 mg pa 100 ml, chimodzimodzi wa ng'ombe, koma muwerenge pa paketi chifukwa si wonse wothiridwa, wopanga nokha kunyumba ulibe wokwanira, ndipo azikhutchumula paketiyo asanathire poti kashiamuyo amadikha pansi. Ndikuti wa soya dala, wa mpunga ndi wa almond puloteni wake ndi wochepa zedi. Tofu amene anaumitsidwa ndi calcium sulfate ndi wabwino, broccoli ndi masamba otchedwa kale nazonso, koma sipinachi musamudalire, kashiamu ali naye koma womangidwa ndi oxalate nde wolowa m'thupi ndi wochepa kwambiri.

Zina mwachidule, ayodini ma microgram 150 pa tsiku, mchere wanu ukhale wothira ayodini poti nsomba ndi mkaka wasiya, koma asathamangire mapiritsi a kelp, chomera cha m'nyanja, amakhala ndi ayodini wopyola muyezo. Omega 3 apeza mu flaxseed wopera, chia ndi walnuts, aliponso mafuta opangidwa kuchokera ku ndere za m'madzi. Nyemba muziziviika usiku musanaphike zimathandiza zinc ndi ayironi.

Puloteni amene aliyense akufunseni ndi amene savuta. Mtsikana wa msinkhu wake amafunika cha m'ma 46 g pa tsiku, kapu imodzi ya mphodza zophika ili ndi pafupifupi 18 g, ya nyemba cha m'ma 15 g, onjezani mkaka wa soya, mtedza ndi buledi mwafika kale. Zakale zija zoti nyemba ndi mpunga zizidyedwa pa mbale imodzi kuti puloteni akwane zinasiyidwa, bola zonse adye tsiku lomwelo. Chimene ndimaona kwa ana osewera mpira ndi mphamvu kuperewera, zakudya za zomera zimadzaza mimba msanga mafuta ali ochepa, nde azinyamula kena kake kodya pakati pa tsiku, buledi wopaka peanut butter, mapeyala, nthochi, mtedza, ndipo mafuta ophikira musaumire.

Mtsikana_wa_tofu analemba:

Zikomo anesi mwafotokoza bwino heavy. Amayi ine ndinasiya zanyama ndili ndi zaka 16, pano ndine wamkulu ndikugwira ntchito ndipo sindinabwerere, nde ndikuuzeni mmene zimamvekera kumbali ya mwanayo.

Poyamba a BamboWaKale ndi ulemu wonse, njira yanuyo anaiyesa bambo anga ndipo fupa silinanyambitidwe kkkk, chimene chinachitika ndinasiya kudya patebulo ndinkadyera kuchipinda mabisiketi ndi tchipisi, nde amene anali ndi nkhawa ndi thanzi langa ndi omwewo anapangitsa kuti ndizidya zopanda pake. Zinasintha amayi anga atandikhazika pansi nkundifunsa kuti tandiuza chifukwa chake, osandidula mawu, nditamaliza anati chabwino wasankha wekha nde ntchito yake ndi yakonso, uziwerenga mapaketi wekha, uziphika, ndipo piritsi la B12 uzimwa ine ndikuona apo ayi nkhani yatha. Ndinavomera msangamsanga chifukwa kanali koyamba munthu wamkulu kundiyankhula ngati ndili ndi mutu.

Za miphika iwiri musadandaule, simukuyenera kutero. Zambiri zimene mumadya kale ndi za vegan mukangochotsa chimodzi. Mpunga, supageti, mbatata, masamba, nyemba, supu wa tomato ndi anyezi, zonsezi phikani ndi mafuta a zomera osati batala, nyamayo muphike payokha ena azithira pa mbale zawo. Iye ntchito yake ikhale ya chimene chikulowa m'malo mwa nyamacho. Pa weekend aziphika mphika waukulu wa nyemba kapena mphodza agawe m'makontena aike mu filiji, tsiku limene inu mukukazinga nkhuku iye angotenthetsa kontena yake. Soya pieces ndi chipulumutso, mphindi zochepa zapsa. Zinthu zolembedwa vegan ndi zilembo zikuluzikulu zija, ma burger ndi ma tchizi abodza aja, sizofunika, zimadula komanso tchizi wake nthawi zambiri ndi mafuta a kokonati ndi sitachi basi puloteni mulibe. Muuzeni zimenezo ndi za pa birthday.

Masabata oyamba mimba ivuta ndi mpweya chifukwa cha nyemba, ndi zachilendo m'mimbamo zimatha, ayambe pang'onopang'ono, aziviika ndi kutaya madzi oviikirawo, nyemba zipse mpaka kufewa.

Pa mapaketi aphunzire mawu awa, whey ndi casein ndi za mkaka, gelatin amachokera ku zikopa ndi mafupa amapezeka m'maswiti otafuna aja ndi jelly, E120 ndi utoto wofiira wochokera ku tizilombo. Aziyang'ana yekha musamuchitire, ine ndinaphunzira zambiri za zakudya chifukwa choima m'shopu kuwerenga timalemba ting'onoting'ono tija.

Koma chimene ndikupemphani kwambiri, musadzamubisire. Anti anga ena anandithirira msuzi wa nyama mu nyemba nkudikira ndimalize kenako nkuseka kuti mwaona wadya sanafe. Kwa iwo zinali nthabwala, ine ndinatha nthawi yayitali osakhulupirira chakudya chophika munthu wina, ndipo mwana akasiya kukhulupirira mphika wa kunyumba simudziwanso chimene akudya. Ngati tsiku lina mwathira batala mosadziwa ingomuuzani, asankha yekha.

Ndinenenso chilungamo, miyezi yoyamba ife timatopetsa. Adzayamba kulalikira patebulo, kuuza mng'ono wake kuti akudya mtembo, kukuonetsani mavidiyo mukudya. Kwathu anaika lamulo loti palibe wonena za mbale ya mnzake, iye asanyoze nyama yanu, inunso ndi abale ake musamamugwedezere mwendo wa nkhuku kumaso. Lamulolo ligwire mbali zonse kuphatikizapo bambo ake. Za nyengozo sanapeke yekha, FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, mu 2013 inati ziweto zimatulutsa 14.5 peresenti ya mpweya wotenthetsa dziko umene anthufe timapangitsa, nde mutha kutsutsana naye za choyenera kuchita koma musamuuze kuti ndi mabodza a pa foni, akafufuza apeza kuti amanena zoona nkusiya kukumverani pa zina zomwe.

Ndipo mumusiyire khomo lobwerera. Ambiri amene tinayamba nawo pano amadya mazira kapena nsomba, ena anabwerera ku zonse. Akadzafuna dzira tsiku lina mumukazingire mwakachetechete osati paja tinanena, chifukwa mawu amenewo amapangitsa mwana kukakamira chinthu ngakhale thupi likumuuza kuti silikufuna.

AzakhaliAwo analemba:

Zonse zanenedwazi ndi zabwino koma pali chimodzi palibe wachitchula ndipo kwathu chinatipweteka. Mwana wa mchimwene wanga naye anati ndi vegan ali ndi zaka zofanana ndi wanuyo, tonse tinamuchemerera kuti ndi wachifundo ndi nyama, kunena zoona nkhani sinali ya nyama, anali atayamba kudana ndi thupi lake ndipo mawu oti vegan anamupatsa chifukwa chomveka chokanira chakudya pamaso pa anthu osafunsidwa. Ukamupatsa keke akuti muli mazira, ukamupatsa chakudya cha kunyumba akuti mwina mwathira batala. Kenako anasiya mafuta, kenako shuga, kenako buledi ndi mpunga, zinthu zoti ng'ombe sizikukhudzidwa nkomwe. Pomwe amapita naye kwa dokotala anali atasiya kusamba miyezi ingapo, tsitsi likuthothoka, akumva kuzizira anzake akutuluka thukuta. Anapezeka ndi anorexia, matenda odzimana chakudya poopa kunenepa, ndipo kuchira kwake kunatenga nthawi, pano ali bwino.

Sindikuti wanuyo ali choncho ayi, ana ambiri amachitadi chifukwa cha nyama ndipo kukhala vegan pakokha si matenda. Koma muyang'ane. Wochita chifukwa cha nyama amasangalala mukamupezera chokoma chopanda nyama, mupatseni tchipisi, peanut butter wambiri, keke yophika ndi mafuta ndi nthochi m'malo mwa mazira, adya mpaka kupempha ina. Amene ali ndi vuto lija azikananso zimenezo ndi zifukwa zatsopano. Muonenso ngati akudumpha chakudya nkumati ndadya kale kwa anzanga, ngati akukwera sikelo pafupipafupi, kuwerenga ma calorie pa paketi m'malo mwa zosakaniza, kuvala zovala zikuluzikulu zobisa thupi, kuchita majowajowa usiku kuchipinda, kuthamangira kubafa akangodya. Mwana wa zaka 15 sikelo yake imayenera kukwera osati kutsika. Msambo ukaima miyezi itatu musadikire, kwa dokotala.

Nchifukwa chake njira yomusiya ndi njala ikundiopsa, mwana ngati wathu uja mukamuuza kuti usadye ukagone mwamupatsa chimene amafuna.

Wokayikira_pang'ono analemba:

Anesi mwalemba ngati madokotala onse amagwirizana pa nkhaniyi koma sizili choncho. Mu 2019 Royal Academy of Medicine ya ku Belgium inalangiza kuti ana, achinyamata ndi amayi oyembekezera asamadye za vegan zokhazokha, ndipo bungwe loona za zakudya la ku Germany, DGE, mu 2016 linanena kuti silikulimbikitsa zimenezi kwa ana ndi achinyamata. Nde mayiwa adziwe mbali zonse, bambo a mwanayo asaoneke ngati mbuli. Bwanji osagwirizana pakati, asiye nyama ndi nsomba koma mazira ndi mkaka azidya mpaka atakwanitsa 18?

Namwino_wa_achinyamata analemba:

Achimwene mwanena zoona ndipo zikomo pozibweretsa, mabungwe amasiyanadi. Academy of Nutrition and Dietetics ya ku America mu 2016 inati chakudya cha vegan chokonzedwa bwino ndi choyenera pa msinkhu uliwonse kuphatikizapo achinyamata, British Dietetic Association imanenanso zofanana, pamene a ku Belgium anakana monga mwanenera. A DGE aja mu 2024 anafewetsako, anati kwa ana ndi achinyamata sakunena kuti inde kapena ayi poti umboni ndi wochepa, koma amene wasankha azimwa B12 ndipo alandire uphungu kwa katswiri wa zakudya. Mukawerenga bwinobwino onsewa akuopa zinthu zomwezo, B12, ayironi, kashiamu, ayodini, vitamini D, kusiyana kwawo kuli poti ena akukhulupirira kuti mabanja akwanitsa kusamala, ena akuti ambiri sakwanitsa nde bola kuletsa. Ine pa ntchito yanga ndimaona kuti khanda kapena mwana wa zaka ziwiri ndi nkhani ina yovuta kwambiri, koma wa zaka 15 amene wasankha yekha simungamutsegule pakamwa, nde funso lenileni limakhala loti adya za vegan moyang'aniridwa kapena mobisa.

Maganizo anu a mazira ndi mkaka ndi abwino ndithu, amachepetsa ntchito kwambiri, mayi ayese kumufunsa. Kungoti ngati chamukhudza ndi mmene nkhuku zoikira mazira ndi ng'ombe za mkaka zimasungidwira akana, poti kwa iye pamenepo ndi pamene pali nkhanza zenizeni. Akakana musapange nkhondo, mugwirizane zoti magazi aziyezedwa, pakapita miyezi ingapo kenako chaka ndi chaka, ndipo zotsatira zikaipa mudzakhalanso pansi.

BamboWaKale analemba:

Za azakhaliwo zandigwira mtima sindinama, pamenepo ndamva. Koma ndikubwerezabe, mwana aziphika yekha nyemba zakezo, mayi asasanduke wantchito wa m'hotela.

MayiWaAsungwana analemba:

Zikomo nonse, sindimayembekeza kuti mulemba zochuluka chonchi. Ndakhala naye pansi ndamuwerengera zina mwa zimenezi. Za mazira ndi mkaka wakana monga ananenera anesi, akuti anapiye aamuna amaphedwa akangobadwa m'mafamu a mazira poti saikira, ndinalibe choyankha. Zophika yekha wavomera, zoyezetsa magazi wavomera ngakhale amaopa jakisoni. Azakhali ndayesa zanu zija, peanut butter watha botolo theka nde pakadali pano mtima wakhala pansi koma maso ndikhala nawo. Bambo ake akung'ung'udzabe koma nkhani ya mafupa ija yawachititsa chidwi mpaka afunsa okha za mkaka wa soya.

Mafunso awiri atsala. Akuti mapiritsi ena amapangidwa ndi zanyama nde sangamwe chilichonse chimene ndingagule, ndi zoona kapena wayamba kundizemba? Chachiwiri ndi agogo ake, mayi a bambo akewo, tikapita kukacheza amaphika nyama mwapadera chifukwa cha zidzukulu ndipo mwana akakana adzaona ngati wawanyoza, sindikudziwa ndiyambira pati.

Mtsikana_wa_tofu analemba:

Sakukuzembani amayi ndi zoona, koma si chifukwa chosiyira. B12 yemweyo alibe vuto, amapangidwa ndi mabakiteriya m'fakitale, pa botolo nthawi zambiri pamalembedwa cyanocobalamin. Chovuta ndi chikutiro chake, ma kapisozi ofewa aja ambiri ndi a gelatin, ndipo mapiritsi ena amawasakaniza ndi lactose wa mu mkaka, nde musankhe olembedwa kuti ndi oyenera ma vegan, alipo ambiri, mupite naye ku famase akasankhe yekha kuti asadzakhale ndi chonamizira. Vitamini D3 ndi amene amakonda kuchokera ku mafuta a ubweya wa nkhosa, ngati dokotala wanena kuti akufunika D mufunse D2 kapena D3 wochokera ku lichen, ndere zomera pa miyala ndi mitengo. Koma mankhwala a matenda amene walemba dokotala azimwa ngakhale ali mu kapisozi ya gelatin, ngakhale Vegan Society imanena kuti munthu asasiye mankhwala chifukwa cha zimenezi, mumuuziretu pano asanadwale.

Za agogo musadikire tsiku laulendo. Bambo ake ndi amene awaimbire mayi awo masiku angapo zisanachitike, zikachokera kwa mpongozi zimamveka ngati inu ndi amene mwamuphunzitsa mwana kukana chakudya chawo. Awauze mwachidule kuti mdzukulu wanu sakudya zanyama koma nyemba zanu zija amazikonda, mumuphikire zimenezo musathiremo nyama kapena batala. Agogo chimene amafuna ndi kuona mdzukulu akudya chochokera m'manja mwawo, akapatsidwa choti aphike amakhala bho. Mwanayo akafika alowe kukhitchini akathandize, adye zambiri ayamike mokweza, ndipo mavidiyo ake a nkhuku asiye kunyumba. Agogo anga mpaka lero amandifunsa ngati ndinachira matenda anga osadya nyama aja kkkk, ndimangoti ndikupezako bwino agogo ndithireniko zina. Munyamulenso kontena imodzi ya mphodza m'chikwama kuchitira kuti mwina aiwala nkuthira msuzi wa nyama ponseponse.